Mizinda yamakono yalonjezedwa kunyanja, nanga odzaiyendetsa akuphunzira kuti?

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza amapadziwa pa Linthipe. Basi ikangoima, amayi ndi anyamata amathamangira m'mawindo atanyamula mbatata ya kachewere, tomato, kabichi, anyezi ndi nyemba. Kuseri kwa mabenchi a malondawo kwamera magolosale, zigayo, nyumba za lendi, mashedi ogulira soya ndi mtedza, komanso tizikumbi ta maejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba. Njinga zamoto za kabaza zimangopezanapezana, kututa anthu ndi katundu kuchokera m'midzi ya m'mapiri. Malo amene makolo athu ankawadziwa ngati pokwerera basi akusanduka tauni ife tikuona, ndipo akukula mmene amakulira malo ambiri a malonda m'dziko muno: nyumba imayamba kumangidwa, za msewu, ngalande ndi kotaya zinyalala n'kudzaganizidwa pambuyo.

Wina angafunse kuti ife a kunyanja, a ku Salima, Chipoka, Nkhotakota, Monkey Bay ndi Makanjira, za pa Linthipe zikutikhudza bwanji. Yankho lili mu mtsinje umene unapatsa malowa dzina. Mtsinje wa Linthipe umasonkhanitsa madzi a m'mapiri a Dedza, n'kulandira Diamphwe, kenako n'kukumana ndi mtsinje wa Lilongwe umene wadutsa pakati pa likulu la dziko, n'kukathira m'nyanja m'boma la Salima. Dothi lokokoloka kumtunda, mapepala a pulasitiki otayidwa pamsika ndi madzi oipa a m'tauni, zonsezi zimatsikira kwathu. Nyengo ya dzinja asodzi amaona okha nyanja itafiira kumathiriro a mtsinjewu. Tsono mmene matauni a kumtunda akumangidwira, ndi mtundu wa anthu amene akuwayendetsa, ndi nkhani ya pakhomo pathu.

Zimene boma linalemba

Mu Januwale 2021 dziko lino linakhazikitsa masomphenya a chitukuko otchedwa Malawi 2063, amene ali pa nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Pofuna kukwaniritsa nsanamira yachitatuyi, bungwe la National Planning Commission linakonza ndondomeko ya mizinda ina isanu ndi itatu yoti ithandizane ndi Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Malo osankhidwawo ndi Karonga, Nkhata Bay, Salima pamodzi ndi Chipoka, Mangochi pamodzi ndi Monkey Bay, Liwonde, Kasungu, Luchenza ndi Bangula. Tikawerenga bwino, anayi mwa malowa ali m'mphepete mwa nyanja, ndipo Liwonde ali pa Shire pakhomo pathu pomwe. Pamwamba pa izi pakhala pakumveka zokamba za mzinda wa luso lamakono ku Mvera m'boma la Dowa, pa msewu womwe timadzera popita ku Lilongwe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, 16 okha ndiwo ankakhala m'tauni. Boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, Dedza oposa 830,000. Chiwerengero chathu chikukwera mofulumira pomwe minda ikucheperachepera, choncho ana athu ambiri adzakhala a m'tauni, kaya tifune kaya tisafune. Ena adzalowa m'mizinda isanu ndi itatu ija, koma ochuluka adzayambira pa malo ngati Linthipe, Golomoti, Namwera, Ntaja ndi Khombedza, amene sali pa mndandanda wa mizinda yatsopano koma akukula tsiku ndi tsiku.

M'misonkhano ya akuluakulu mawu amene atchuka ndi akuti smart city. Mawuwa amachititsa ena kuganiza za nyumba zagalasi zosanjikizana ndi magalimoto oyenda okha. Tanthauzo lake lenileni n'losavuta: ndi mzinda umene umasonkhanitsa uthenga wa zimene zikuchitika m'kati mwake kudzera m'zipangizo za kompyuta, mafoni ndi intaneti, n'kumaugwiritsa ntchito popereka madzi, magetsi, misewu, chitetezo ndi chithandizo cha kuchipatala mosawononga chuma. Zina mwa izi tinaziyamba kale. Mita ya ESCOM yogulira mayunitsi pa foni, chiphaso cha unzika chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, ndi ndalama zimene mwana wa ku Joni amatumiza n'kufika pa foni ya mayi ake kumudzi, zonsezi ndi njerwa za mzinda woterowo.

Chipangizo chimodzi, anthu asanu

Kuti tione pamene pagona vuto, titenge chitsanzo cha mtsinje wathu womwewu. Tiyerekeze kuti pa mlatho wa Linthipe paikidwa kachipangizo koyeza kukwera kwa madzi, kotumiza uthenga kuti anthu a kumunsi ku Salima asamuke madzi asanafike. Zoterezi si nthano. Pansi pa ntchito ya M-CLIMES, imene boma linayamba mu 2017 mothandizidwa ndi UNDP ndi thumba la Green Climate Fund, zipangizo zoyezera nyengo zinaikidwa m'maboma angapo, zina zoyandama pa nyanja zoyeza mphepo ndi mafunde. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira ndipo mazana ena osapezeka, safunika kuuzidwa phindu la chenjezo lofika msanga.

Koma kuti kachipangizo kamodzi kaja kapulumutse moyo, pafunika anthu osachepera asanu. Woyamba ndi katswiri wa za madzi wodziwa kuti mtsinje ukafika pa mlingo wakuti kumtunda, madzi adzasefukira pamalo akuti patapita maola angati. Wachiwiri ndi mmisiri wokhala pafupi, wotha kusintha batire, kupukuta sola ndi kulumikiza waya woduka. Wachitatu ndi wodziwa kompyuta amene amaonetsetsa kuti uthengawo wafika ku khonsolo ndi m'mafoni. Wachinayi ndi wokonza mapulani a malo, woti auze khonsolo ndi mafumu kuti chigwa chakuti anthu asamangemo nyumba. Wachisanu ndi mwini foni uja kumudzi, amene ayenera kudziwa kuwerenga uthengawo, kuukhulupirira ndi kuchitapo kanthu. Mmodzi mwa asanuwa akasowa, chipangizocho chimangokhala chitsulo chomangiriridwa pa mlatho. Ndipo onse asanu anadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, mphunzitsi.

Akatswiri ndi amisiri

Sukulu zosula akatswiri otere zilipo. MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic ndipo inaima payokha mu 2021, imaphunzitsa mainjiniya, ojambula nyumba, oyeza malo ndi okonza mapulani a mizinda. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi maphunziro a kasamalidwe ka malo ndi a za makompyuta. MUST ku Thyolo, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014, ili ndi maphunziro a za nyengo, madzi, ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi chitetezo cha pa intaneti. Mu Januwale 2020 bungwe la UNICEF linatsegula sukulu ya African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa tojambula mapu ndi kunyamula mankhwala.

Vuto lili pa kumene akatswiriwa amapita akamaliza. Ntchito zolipira bwino zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'mabungwe ndi m'makampani, ndipo ena amaoloka malire. Makhonsolo a m'maboma, amene malamulo anawasenzetsa udindo wa mapulani, amadalira ndalama zochokera ku boma ndi misonkho yochepa ya m'misika. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linafikitsa udindo wokonza mapulani m'dziko lonse, mpaka kumidzi. Koma kusula munthu mmodzi wodziwa kuligwiritsa ntchito kumatenga zaka zinayi kapena zisanu za ku yunivesite, kuwonjezera pa khumi ndi ziwiri za pulayimale ndi sekondale. Mwana amene adzakhale injiniya wa mzinda wa Chipoka m'ma 2040 ali mu Sitandade 1 kapena 2 lero.

Pakati pa injiniya ndi munthu wamba pali mmisiri, ndipo apa ndi pamene dziko lathu limapeputsa kwambiri. Injiniya mmodzi akajambula, pamafunika amisiri ambiri omanga, olumikiza ndi okonza. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji aang'ono a ntchito zamanja m'maboma, kuwonjezera pa akuluakulu monga Salima, Nasawa, Namitete, Soche ndi Lilongwe. Umisiri wa matabwa, kumanga ndi kusoka ndi wofunika ndithu, koma mzinda wamakono ukufunanso wolumikiza chingwe cha intaneti chodutsa pansi, wokonza pampu ya madzi yoyendera dzuwa, wodziwa mamita a madzi olipiriratu, ndi wokonza mafiriji osungira nsomba. Mphunzitsi wa pa kolejiyo ngati sanagwirepo zipangizo zimenezi, adzaphunzitsa zojambula pa bolodi, ndipo kampani ikadzabwera idzabweretsa amisiri ake.

Ntchito zotere zafika kale pakhomo pathu. Ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa magetsi a dzuwa wa mphamvu ya mamegawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021. Ku Golomoti, m'chigwa cha boma la Dedza lomweli, kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira magetsi, umene unatsegulidwa mu 2022. Palinso ntchito yokoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Funso loti tidzifunse ngati makolo ndi lakuti, pa ntchito zimenezi ana athu akulowa ngati ndani: oyendetsa makina, kapena alonda a pageti ndi okumba ngalande?

Phunziro la 1994

Dziko lino linaphunzirapo kale za kuopsa kothamangitsa chitukuko aphunzitsi asanakonzeke. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo mabanja ambiri a kunyanja analowetsa ana kusukulu kwa nthawi yoyamba. Koma kuti makalasi asakhale opanda munthu kutsogolo, boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchito, n'kumawasula ali kale m'kalasi. Ana anadzaza pansi pa mitengo, ndipo ambiri anafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga bwino. Mabala a nthawi imeneyo sanapolebe. Tsopano pamene boma linalengeza kuti maphunziro a sekondale akhale aulere kuyambira Januwale 2026, funso lomwe lija labweranso: aphunzitsi a masamu, sayansi ndi makompyuta a ana onsewa achokera kuti?

Aphunzitsi a pulayimale amasulidwa zaka ziwiri, mbali ina ku koleji, mbali ina akuyeserera m'sukulu. M'boma la Dedza muli koleji ya atsikana ya St Joseph's ku Bembeke. Kumbali yathu kuli ya Machinga, komanso ya atsikana ya Maryam ku Mangochi. A sekondale amachokera ku Domasi, ku Nalikule ndi m'mayunivesite. Makoleji amenewa ndiwo malo oyamba oyenera kukhala ndi magetsi osazimazima, intaneti yodalirika ndi makompyuta okwanira, chifukwa mphunzitsi mmodzi amene watuluka akudziwa zinthuzi adzakhudza ana masauzande pa zaka makumi atatu za ntchito yake. Kompyuta imodzi yoikidwa pa koleji ya aphunzitsi imabala zipatso zambiri kuposa khumi zotsekeredwa mu ofesi ya ahedi poopa akuba.

Kuyambira mu 2023 unduna wa maphunziro wakhala ukufalitsa ntchito ya BEFIT, imene ikupereka makompyuta a m'manja oyendera magetsi a dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Inayamba ndi sukulu 500, ndipo cholinga chake n'kufikira sukulu zonse za boma za pulayimale. Nalo bungwe la MACRA lakhala likumanga zipinda za makompyuta m'sukulu za sekondale zoyendera za kumidzi. Ndi ntchito zoyenera kuziyamikira. Komabe tiyenera kumva zimene zinachitikira anzathu. Dziko la Peru linagula malaputopu oposa 800,000 n'kugawira ana a sukulu. Kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012, atayendera sukulu za kumidzi zoposa 300, anapeza kuti ana anazolowera kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa mayeso a masamu ndi chilankhulo sanapose anzawo opanda malaputopu. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe m'kalasi kanali komwe kaja.

Dziko la Estonia linadzera njira ina. Mu 1996 linalengeza ntchito yolumikiza sukulu zonse ku intaneti, ndipo pamodzi ndi kugula makompyuta linaika mtima pa kuphunzitsa aphunzitsi. Ana a nthawi imeneyo ndiwo lero akuyendetsa boma limene pafupifupi chithandizo chilichonse chimapezeka pa intaneti. Ku Rwanda, boma linaitana yunivesite ya Carnegie Mellon ya ku America kuti itsegule nthambi ku Kigali mu 2011, kuti akatswiri azisulidwira konko. Ku Kenya, mzinda wa Konza unavomerezedwa mu 2008, mwala wa maziko n'kuikidwa mu Januwale 2013, koma patapita zaka zoposa khumi unali usanadzaze anthu monga ankalotera. Ku Senegal, woimba Akon anaika mwala wa mzinda wa madola 6 biliyoni mu 2020, ndipo pofika 2025 boma la kumeneko linanena poyera kuti ntchitoyo yalephereka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chokongola cha mzinda n'chosavuta kujambula.

Ngakhale kwathu kuno chitsanzo chili pafupi ndi Linthipe pomwepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, boma mothandizidwa ndi dziko la Germany linasankha malo angapo a kumidzi kuti akhale timatauni tokopa chitukuko, ndipo Lobi m'boma la Dedza anali mmodzi mwa malowo. Anamangako msika ndi nyumba zina za boma. Koma malonda amatsata msewu ndi anthu, ndipo malo a m'mbali mwa M1 monga Linthipe ndi Chimbiya akula mwa okha. Nawo mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu mu 1975 utajambulidwa bwinobwino pa pepala, lero anthu ake ambiri amakhala m'madera amene anamera kunja kwa pulani. Tikuphunzirapo kuti pulani imafuna anthu oitsatira tsiku ndi tsiku, oikonza zinthu zikasintha, ndiponso okhala pamalopo.

Kodi si kulota masana?

Pali ena mwa ife amene anganene kuti kukamba za mizinda ya makompyuta pamene ana akukhala pansi m'kalasi ndipo chimanga chakwera mtengo n'kulota masana. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitiyenera kuwanyoza. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi a ESCOM. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza kompyuta, batire ndi sola zonse timagula kunja, mitengo yake inakwera nthawi yomweyo.

Koma tikaganiza mofatsa, umphawi womwewu ndiwo ukutikakamiza kuika ndalama zochepa zimene tili nazo mwa anthu. Chipangizo chogula ndi ndalama zakunja chimatha pakapita zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndipo chikafa popanda wochikonza timagulanso china. Mphunzitsi ndi mmisiri timawalipira m'makwacha, ndipo luso lawo limakula akamakalamba. Dziko losauka silingakwanitse kuitanitsa katswiri wakunja nthawi iliyonse pampu ikaima. Komanso maziko a luso lonseli ndi omwe aja akale: mwana wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengetsa. Desiki, buku ndi phala la kusukulu sizikulimbana ndi kompyuta, zikuikonzera njira. M'mera mpoyamba.

Mbali yathu

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi chifukwa chapadera chokhalira maso. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mamishoni, ndipo makolo athu ambiri, poopa kuti ana asiya chipembedzo chawo, sanawatumizeko. Chifukwa chawo chinali chomveka, koma zotsatira zake zinali zakuti pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, aphunzitsi, makalaliki ndi anamwino ochokera m'mabanja athu anali owerengeka. Mpata umenewo tautseka pang'onopang'ono, ndipo mgwirizano wa mu 2021 wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu unachotsa chopunthwitsa china. Koma mpaka lero mnyamata wa kunyanja amakopeka ndi ndalama ya msanga ya usipa kapena ulendo wa ku Joni asanamalize Fomu 4, ndipo mtsikana amalowa m'banja mabuku ali m'manja. Mizinda ikadzamangidwa pa dothi lathu ana athu alibe mapepala, tidzabwereza mbiri ija kachiwiri, ulendo uno popanda wina womuloza chala.

Palinso nkhani ya malo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, amalola kuti malo a makolo alembetsedwe, ndipo kaundula wake akulowa m'makompyuta. Kumene kwalengezedwa mzinda, mtengo wa malo umakwera ndipo ogula amafika ndi zikwama. Banja limene lilibe mwana wotha kuwerenga mapu, kumvetsa chikalata ndi kufunsa mafunso ku khonsolo likhoza kugulitsa gombe la makolo pa mtengo wa njinga yamoto. Madzi akatayika saoleka. Woyeza malo wobadwira konkuno, wodziwa pamene pali manda, dooko la asodzi ndi njira ya amayi yopita kukatunga madzi, adzajambula mapu osiyana ndi a mlendo amene waona malowo pa chithunzi cha m'mwamba chokha.

Chilankhulo nachonso n'chofunika kuchiganizira. Ana ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi mbali zina za Salima ndi Dedza amayamba sukulu akulankhula Chiyao, pomwe maphunziro a m'makompyuta a m'manja aja ali m'Chichewa, ndipo kutsogolo zonse zimasanduka Chingerezi. Mlatho pakati pa zilankhulo zitatuzi ndi mphunzitsi wodziwa lilime la mwanayo. Mphunzitsi wobadwira kuno savutikanso kukhazikika ku Makanjira kapena ku Katuli, kumene ena amangofika n'kuyamba kulemba kalata yopempha kusamutsidwa. Ichi n'chifukwa chake kutumiza mwana wathu ku koleji ya uphunzitsi kuli ndi phindu loposa malipiro ake a pamwezi.

Zoyenera kupempha ndi zoyenera kuchita

Kwa aphungu ndi makhansala athu, pempho likhale lomveka. Ntchito iliyonse yaikulu yobwera m'boma lathu, kaya ya madzi, magetsi, doko kapena msewu, mgwirizano wake uzinena chiwerengero cha achinyamata a m'deralo amene aphunzitsidwe ntchito, ndipo chiwerengerocho chizilengezedwa poyera. Pogula zipangizo za sukulu, bajeti yomweyo izikhala ndi gawo la kuphunzitsa aphunzitsi ndi la kukonza zikawonongeka. Khonsolo iliyonse imene ili pa mndandanda wa mizinda yatsopano ikhale ndi okonza mapulani, oyeza malo ndi mainjiniya ake olembedwa ntchito yokhazikika, ndipo ayambe ndi malo ang'onoang'ono amene akukula, nyumba zisanatseke misewu. Ndalama za chitukuko cha m'dera zisathere pa milatho yokha. Nyumba ya mphunzitsi yokhala ndi magetsi a dzuwa imasunga mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ya kumudzi.

Kwa mabungwe athu amene amalipirira ana sukulu, tikupempha kuti ayang'anenso mndandanda wa maphunziro amene amathandiza. Udokotala ndi malamulo n'zabwino, koma pakhalenso malo a mwana wofuna uphunzitsi wa masamu, kuyeza malo, za madzi kapena umisiri wa magetsi. Makomiti a sukulu ndi a makolo azifunsa ahedi mafunso osavuta: makompyuta amene tinalandira akugwira ntchito ndi angati, ndani anaphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito, ndipo akasamutsidwa atsala ndani? Zipinda za madrasa zimene zimakhala zopanda anthu m'mawa kapena madzulo zikhoza kukhala malo owerengera ana amene kwawo kulibe nyali, ngati titasonkherana sola imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo kwa ife makolo, ntchito yathu ikuyamba mawa m'mawa. Mwana wa Sitandade 3 akatsala kunyumba kuti athandize kuyanika usipa, tsiku limenelo latayika pa ulendo wa zaka khumi ndi zisanu. Mtsikana amene wakhoza masamu asauzidwe kuti zimenezo n'za amuna. Mnyamata amene amakonza mafoni pansi pa mtengo pamsika alimbikitsidwe kukatenga pepala ku koleji ya ntchito zamanja, chifukwa kampani polemba ntchito imafunsa pepala. Foni imene ili m'nyumba mwathu ikhoza kukhala ya mavidiyo okha, kapena mwana n'kumaphunzirirapo. Wosankha ndi ife.

Chaka cha 2063 ambiri mwa ife sitidzachiona. Koma mzinda wa Salima ndi Chipoka, wa Mangochi ndi Monkey Bay, udzakhalapo ndithu, wokonzedwa bwino kapena wongomera ngati bowa, chifukwa anthu akubadwa ndipo akusamuka. Madzi a Linthipe adzakhala akutsikabe kuchokera ku Dedza, atanyamula chilichonse chimene a kumtunda aponyamo. Amene adzayeze madziwo, kujambula misewu ndi kusunga kaundula wa malo athu ali m'kalasi lero, ena pa desiki, ena pansi pa mtengo wa mango. Tikapita ku msonkhano wa makolo teremu ino, tikafunse dzina la mphunzitsi wawo wa masamu, ndiponso ngati ali ndi nyumba yogona.